Pensulo ya Alamu Anga m'Mabuku a Anthu Onse

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikufufuta zolemba za munthu mmodzi. Munthuyo ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga. Akanakhala wina ndikanamunenera kalekale, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ine ndimasoka mabuku. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito kukampani yosindikiza, m'chipinda chakumbuyo mmene tinkapinda mapepala ndi kumata zikuto. Nditapuma, a laibulale ya m'dera lathu anandipatsa tebulo pakona, kuseri kwa shelefu ya mabuku a zaulimi, pansi pa zenera loyang'ana kumsewu. Ndimabwera masiku atatu pa sabata. Patebulopo pamakhala guluu, singano yaikulu, ulusi, mpeni, njerwa ziwiri zokutidwa ndi nsalu zopsinjira mabuku, ndi labala. Labalayo ndi amene amatha msanga.

Laibulale yathu ndi chipinda chimodzi chachitali, matebulo anayi, ndi desiki pakhomo. Akuluakulu amene amabwera muno safuna nthano. Amafuna mabuku owathandiza: kawetedwe ka nkhuku, kasokedwe ka malaya, kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito, kakonzedwe ka njinga, ndi aja olimbitsa mtima, onena za anthu amene anayamba alibe nsapato n'kudzakhala ndi mafakitale. Mabuku amenewa ndi amene amang'ambika, chifukwa amawerengedwa ndi manja a girisi, ali chitsegulire pansi pa galimoto kapena pambali pa mbaula. Akang'ambika amafika kwa ine.

Alamu anga ndi pulambala. Dera lonse limawatcha a Sipanala, moti adzukulu awo ena amayesa ndilo dzina lenileni. Ndi munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wa zala zonenepa zimene sizipindika bwino. Sukulu analekeza kalasi yachitatu. Bambo awo atamwalira anayamba kunyamulira zida pulambala wina wachikulire, ndipo kuwerenga kwenikweni anakuphunzirira m'kabuku kamene kanabwera m'katoni ya pampu. Anakawerenga mpaka kanasanduka sanza. Kuyambira pamenepo, kwa iwo buku si chinthu chochiopa. Ndi chida, ndipo chida chikapindika umachiwongola.

Anakwatira mlongo wanga ali ndi thumba limodzi la zida ndi njinga yopanda mabuleki akumbuyo. Ana asanu anawalera ndi thumba lomwelo. Mowa sanalawepo, kunja sanagonepo, ndipo palibe nyumba imene anakonzako mpopi n'kuitanidwanso pa mpopi womwewo. Zabwino zawo ndi zimenezo. Ndazitchula zonse kuti asadzanene kuti ndinabisa.

Ulendo woyamba anafika patebulo langa atanyamula buku la kakonzedwe ka zinthu za m'nyumba.

"Alamu, bukuli likunama pa tsamba 62."

"Lemberani amene analilemba," ndinatero.

"Ndalemba kale."

"Mwatumiza kuti?"

"M'bukumo."

Ndinatsegula. Zinali zilembo zikuluzikulu zokhazokha, za pensulo yaphanthiphanthi ya akalipentala imene amasongola ndi mpeni. Amalemba mokanikiza ngati akulemba pachitsulo. Buku linati tepi yoyera yoletsa kudontha uikulunge katatu pa mazinga a paipi. Iwo anadula mzere pa mawuwo n'kulemba m'mphepete: KASANU NDI KAMODZI. KATATU IDONTHA LACHISANU LISANAFIKE. M'munsi mwake anawonjezera: AMENE ANALEMBA IZI SANANYOWEPO MAWONDO.

"Bukuli si lanu," ndinawauza.

"Nanga ndi la ndani?"

"La anthu onse."

"Ndiye mukufuna anthu onse adonthedwe?"

Ndinafufuta. Sabata yotsatira anabwerekanso buku lomwelo n'kulembanso, mokanikiza kuposa poyamba. Ndinafufutanso. Woyang'anira laibulale wa nthawi imeneyo anali bambo wokonda mtendere ndi tulo ta masana. Ndikamuonetsa ankangoti, "Fufutani, madala, musandiuze." Tinakhala choncho chaka ndi chaka, iwo kulemba, ine kufufuta, ngati khasu ndi udzu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pa za mipope sankanama. Thanki ya chimbudzi changa itayamba kutaya madzi osaleka, ndinatsatira buku, sizinatheke. Kenako ndinapendeketsa tsambalo padzuwa n'kuwerenga mizere ya pensulo imene ndinali nditafufuta ndekha. Ndinatsatira imeneyo, madzi anasiya. Sindinawauze. Koma kuyambira tsiku limenelo labala wanga ankadutsa patali ndi shelefu ya mipope.

Anthu anazindikira msanga. Munthu ankafika padesiki n'kunena kuti, "Ndikufuna buku la mipope lija, la pensulo." Mabuku amenewo tinali nawo awiri ofanana. Loyera linkangokhala pashelefu kudya fumbi. La pensulo ndinalisoka kanayi. Chinakhala chizolowezi cha kuno kuti wobwereka buku lothandiza amayamba walipekula kufuna pensulo, ndipo akaipeza amakhulupirira pensuloyo kuposa zosindikiza.

Zikanathera pa mipope, bwenzi nkhani ino palibe.

Zaka zisanu zapitazo mawondo anawakana. Sakanathanso kugwada pansi pa sinki kapena kukwera padenga. Thumba la zida analipereka kwa mwana wawo wachiwiri. Patapita miyezi itatu anayamba kubwera kulaibulale tsiku lililonse, kuyambira potsegula mpaka potseka, mpando wawo wa pafupi ndi chipupa. Shelefu ya mipope anaimaliza m'miyezi iwiri. Anaiyang'ana, anayang'ana mashelefu ena onse, ndipo ine ndinaona mmene anawayang'anira.

Anayamba ndi nkhuku, chikhalirecho sanawetepo ngakhale imodzi. Kenako njuchi, kenako makeke. Buku lina lolimbitsa mtima linati munthu wofuna kutukuka azidzuka tambala asanalire. Iwo analemba: KUKATANI? Buku la banja lamtendere linati mwamuna azimvetsera mkazi wake kwa mphindi khumi osamudula mawu. Iwo analemba: NDAYESA. SAMALIZA. Limenelo linabwerekedwa ndi mnzake wa mlongo wanga ndisanalione, ndipo alamu anga anadya zozizira sabata yathunthu.

"Alamu," ndinawauza tsiku lina, "ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Khalani pa mipope."

"Chilichonse ndi mipope," anatero. "Nkhuku ndi paipi, kumtunda kulowa, kumunsi kutuluka. Galimoto ndi mapaipi. Inuyo mukadwala adokotala amayang'ana chiyani? Pamene patsekeka."

Munthu wotere kumuyankha n'kumuwonjezera nkhuni.

Ndinkayesetsa kuwatsatira m'mbuyo, koma iwo amabwera masiku asanu ndi limodzi, ine atatu. Mabuku ena ankatuluka pakhomo ndisanawaone. Limodzi mwa amenewo linali kabuku kachikasu ka kachotsedwe ka mabanga pansalu.

Nthawi imeneyi n'kuti bambo wa tulo uja atapuma, m'malo mwake mutalowa mayi wina wachitsikana, wophunzira za mabuku kusukulu yake. Ndi munthu wabwino, wosakweza mawu. Anatsuka mazenera, anakonza mipando yogwedera, n'kumata chikalata pachitseko: Wolemba m'buku adzalandidwa khadi. Alamu anga anachiwerenga, anagwedeza mutu movomereza, n'kunena kuti, "Zoona, ana asukuluwa amaononga mabuku."

Lachitatu lina m'mawa chitseko chinatseguka mwamphamvu. Analowa mayi telala amene ali ndi shopu tsidya la msewu, kudzanja lina diresi loyera, kudzanja lina kabuku kachikasu kaja.

"Mwini pensulo muno ndi ndani?"

Onse anaweramira m'mabuku awo.

"Mayi, tsitsani mawu pang'ono," anatero woyang'anira. "Anthu akuwerenga."

"Akuwerenga zomwezi zandiphetsa ine? Asiye!"

Anayala diresilo padesiki. Pachifuwa penipeni panali bowo lolowa dzira, m'mbali mwake nsalu ikuyoyoka ngati yopsa. Nkhani yake inali iyi: anasiya mapini padiresilo nyengo ya chinyezi, mapini anachita dzimbiri, dzimbiri linasiya banga. Anabwereka kabukuko. Kabuku kanati afinyirepo ndimu, awazepo mchere, ayanike padzuwa. Koma mawuwo anali odulidwa mzere, ndipo m'mphepete munali zilembo zikuluzikulu: ZOCHEDWA IZI. DZIMBIRI LIMAMVA ASIDI WA M'BATIRE. DONTHO LIMODZI BASI.

Woyang'anira anatembenukira kukona kwanga. "Agogo, inu mumaona mabuku onse. Dzanja ili ndi la ndani?"

Ndinali ndikadafunafuna poyambira pamene mpando wa pachipupa unakhuluka.

"Ndi langa," anatero alamu anga, akuimirira pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo. "Mayi, munathira madontho angati?"

"Limodzi! Limodzi, monga munalembera, bambo inu!"

"Dzimbiri lachoka?"

Telala anakweza diresilo n'kuwasuzumira kudzera pabowo. "Lachoka. Lapita ndi nsalu yomwe."

"Ndiye vuto ndi nsaluyo. Pa paipi sizitero."

"Ine ndimasoka mapaipi? Mkwatibwi Loweruka lino avala paipi?"

Wina kumbuyo anaseka n'kusandutsa chifuwa.

"Nanga bwanji simunatsatire zosindikizazo?" anafunsa woyang'anira.

"Ndikanakayika bwanji?" anatero telala. "Mpopi wa kwathu unasiya kudontha ndi pensulo yomweyi. Thanki ya achemwali anga chimodzimodzi. Aliyense kuno amadziwa kuti ukaona pensulo, tsatira pensulo. Ndiye lero kasitomala wanga wa zaka zisanu ndi zitatu ndikamuuza chiyani? Kuti wandinamiza pulambala?"

Woyang'anira anatenga tsiku lonselo kupekula mabuku. Dzuwa litapendeka anali ataunjika mulu padesiki, mabuku makumi anayi ndi atatu. Anatulutsa khadi la alamu anga m'bokosi, analiika m'dilowa n'kukiya, anthu onse akuona, telala atabweranso.

"Bambo," anatero, "lamulo likuti ndikulandeni lero lomwe. Koma ndinu wamkulu, ndipo ndamva kuti mwathandiza ambiri. Ndikupatsani mwezi umodzi. Mufufute zonsezi ndi dzanja lanu, buku lililonse, tsamba lililonse. Mukamaliza, khadi n'lanu. Mukasiya mzere ngakhale umodzi, muno simudzalowanso."

Lachinayi sanabwere. Lachisanu m'mawa mlongo wanga anandipeza kwathu ndikumanga zingwe za nsapato.

"Achimwene, muwathandize. Osati chifukwa cha iwo, chifukwa cha ine. Dzulo lokhalo amasula mipopi yonse ya m'nyumba, yabwinobwino, ati aone ngati ili bwino. Atamaliza andiimirira kumbuyo ndikutsuka mbale, ati ndimafinya siponji molakwika. Zaka makumi anayi ndikutsuka mbale, lero ndiphunzire kwa a Sipanala!"

"Anadziputira okha," ndinatero.

"Ndikudziwa." Anakhala pampando, mawu anatsika. "Koma mwaiwala chaka chija mawondo atawakana? Miyezi itatu ali pampando kuyang'ana khoma. Ndevu osameta, chakudya kungochigwiragwira. Ana kubwera, osawafunsa n'komwe za kuntchito. Ine ndinayesa ndiwo ulendo umenewo. Akawatsekera kulaibulale abwerera pampando uja, ndipo ulendo uno sadzukapo."

Sindinaiwale. Ndine amene ndinawakokera kulaibulale chaka chimenecho, kuwauza kuti bola azikakhala pakati pa anthu. Ndinadzikolezera ndekha moto.

Lolemba anabwera, ndipo popeza labala amakhala patebulo langa, woyang'anira anawakhazika pambali panga. Mwezi umenewo ndi umene ndinakalambira kwenikweni.

Safufuta mzere asanauwerenge mokweza. Akauwerenga amaufotokoza. Akaufotokoza amandifunsa ngati ndikutsutsa.

"Apa ndinati khola la nkhuku lizipendekera mbali imodzi kuti madzi azitsika. Ndi bodza limenelo, alamu?"

"Fufutani."

"Ndikufunsa ngati ndi bodza."

"Sindinawetepo nkhuku."

"Ndiye mukuweruza bwanji?"

Amafufutanso ngati akupala dzimbiri pachitsulo. Tsiku loyamba lokha anaboola masamba atatu, ndipo womata anali ine. Ndinawaonetsa kagwiridwe kake, kuti dzanja lina ligwire tsamba, labala aziyenda mbali imodzi, mopepuka. Anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti njira yanga ndi yochedwa.

Titafika pa shelefu ya mipope, mbiri inali itamveka. Anthu anayamba kubwera ndi makope kudzakopera zolembazo zisanafufutidwe. Bambo wina wogulitsa zida zomangira anaima pambali pathu ola lathunthu akulemba, alamu anga akumuwerengera ngati mphunzitsi, n'kumawonjezera zina zimene munalibe. Woyang'anira anaona zonsezi ali padesiki. Koma dilowa sanaitsegule.

Ndinene zoona, anafufuta. Za nkhuku, za njuchi, za makeke, za banja. Pa kabuku kachikasu sanawerenge mokweza. Anafufuta mwakachetechete, ndipo tsiku lomwelo ndinawaona pazenera akuwoloka msewu kupita kushopu ya telala, chipewa chili m'manja. Zimene anakambirana sindidziwa. Anatulukamo msanga.

Tsiku lomaliza la mweziwo panatsala buku limodzi, lochindikala, lachikuto chobiriwira, lonena za madzi otentha m'nyumba. Analitsegula pa chithunzi cha giza, thanki ija yotenthetsera madzi ndi magetsi. Pamwamba pa thankiyo pamatuluka kapaipi kakang'ono kotayira madzi ndi nthunzi thanki ikatentha kwambiri. Wojambula anali ataika mpopi pakapaipiko. Alamu anga anali atazunguliza mpopiwo, kuudula mtanda, n'kulemba: APA PASAKHALE MPOPI. WINA AKATSEKA, THANKI IPHULIKA.

Anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kenako anaika labala pansi.

"Ili lokha ayi."

"Alamu, ndi mzere umodzi," ndinatero. "Watsala umodzi."

"Ndauona."

"Fufutani mopepuka. Mmene mumakanikizira inu, zimaonekabe padzuwa."

"Munthu woika giza amakhala m'denga. Mulibe dzuwa m'denga."

Woyang'anira anali atafika kale patebulo, kiyi wa dilowa ali m'manja. Anali atakonzeka kuwabwezera khadi.

"Mayi," anatero alamu anga, "za nkhuku ndinalakwa. Za nsalu ndinalakwa kwambiri. Koma ichi ndinachiona ndi maso. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ine ndi abwana anga tinaitanidwa kunyumba ina kumene thanki inaphulika. Wina anali ataika mpopi pakapaipi kameneka. Wantchito wa m'nyumbamo ataona kakudontha, anatseka, poyesa akuchita bwino. Malata tinawapeza pabwalo. Mayi amene ankachapa pafupi anapsa msana wonse, ndipo sanamvenso ndi makutu onse awiri. Chithunzi ichi chikuphunzitsa anthu kuika mpopi womwewo."

"Mwina mukunena zoona, bambo," anatero woyang'anira. "Koma ndikasiya mzere uwu, mawa wina alemba zake, nayenso anena kuti anaona ndi maso. Ine ndidziwa bwanji pensulo yoona ndi pensulo yonama? Zonse zimaoneka chimodzimodzi."

"Mufunse wodziwa."

"Telala uja anafunsa inu."

Chiyambireni kuwadziwa alamu anga, kanali koyamba kuwaona akusowa mawu.

"Alamu," ndinanong'oneza, "ganizani za kunyumba."

Anatseka bukulo mosamala, analikankhira kwa ine, anagwira tebulo n'kuimirira.

"Khadilo sungani, mayi," anatero. Anavala chipewa n'kutuluka.

Ndinakwiya, ndipo mpaka pano ndikaganiza ndimakwiyabe. Mwezi wathunthu ndinapirira, masamba khumi ndi asanu ndi anayi ndinamata, mabuku makumi anayi ndi awiri anayera, n'kudzakanika pa mzere umodzi, nthawi itakwana, kiyi ali kale m'manja mwa mwiniwake. Munthu amene anaononga diresi la eni ake osaphethira, tsiku lofunika kugonja ndi limene anakhala wolondola.

Woyang'anira anandiyang'ana. "Agogo, fufutani inuyo."

"Chithunzicho n'cholakwika, mayi."

"Inunso ndinu pulambala?"

"Ayi. Koma pa mipope sananamepo."

Woyang'anira anatenga bukulo, analiika m'chikwama chake, osati pashelefu.

Linabwera patapita masiku asanu ndi atatu. Anali atapita nalo kwa aphunzitsi a kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo aphunzitsiwo ati atangoona chithunzicho anagwira kumutu. Mayiyo anataipa kapepala konena zomwe zija, m'mawu aulemu, anakadinda chidindo cha laibulale, n'kundipatsa kuti ndimate pamwamba pa chithunzi ndi pensulo yomwe. Analemberanso kalata amene anasindikiza bukulo. Ndinamata, ndinapsinja ndi njerwa.

"Nanga khadi?" ndinafunsa.

"Sanafufute, agogo."

"Koma ananena zoona."

"Ananena zoona, ndipo ndakonza. Koma ndinalankhula pamaso pa anthu, telala ali pomwepo. Ndikabweza lero, chikalata chili pachitsekocho ndikang'ambe, ndipo mapensulo a dera lonse alowa muno."

Ndinamuyang'ana. Nayenso sankanama. Anthu awiri olondola m'chipinda chimodzi, wovutika ndine wa guluu.

Khadi silinabwerere, ndipo alamu anga salowanso mulaibulale. Koma pampando woyang'ana khoma uja sanabwerereponso. Kunja kwa laibulale kuli kakhoma kafupi kotchinga maluwa, pansi penipeni pa zenera langa. M'mawa uliwonse amafika atameta, amayala nyuzipepala pakakhomapo n'kukhala. Aliyense wotuluka ndi buku amamuimitsa.

"Tabwera nalo kuno, mwanawe. Lanena chiyani? Tsegula pa tsamba 62."

Ena amawazemba, kudzera kuseri. Ambiri amaima, ena amabwera ndi mpopi wothyoka m'thumba osalowa n'komwe mkati. Za nkhuku ndi nsalu salankhulanso, amati akafunse eni ake. Koma za mipope amayamba m'mawa mpaka dzuwa lipendeke, ndipo mawu onse amalowera pazenera langa. Mlongo wanga akuti sanakhalepo pamtendere chonchi. Anandigulira sikafu yothokoza. Ndimaikulunga m'makutu.

Tsiku lina woyang'anira atapita kukadya, ndinatenga buku lobiriwira lija n'kuwapatsira pazenera, litatsegulidwa pa tsamba la giza. Sindikanayenera kutero. Ndinkafuna aone kuti mawu awo sanafe.

Anavala magalasi. Anawerenga kapepalako kawiri, milomo ikuyenda. Anayang'ana chidindo. Anayendetsa chala chawo chonenepa m'mbali mwa kapepala, ngodya zonse zinayi.

"Alemba bwino," anatero.

Ndinadikira.

"Wamata ndani?"

"Ine."

"Guluu mwachulutsa, alamu. Pepala lopyapyala chonchi limafuna wochepa, muziyambira pakati kupita kunja. Mukafuna ndidzakuonetseni."

Ndinawalanda bukulo n'kutseka zenera. Zaka makumi asanu ndikumata mapepala. Ndinakhala pansi, ndinapuma, ndinavala magalasi anga. Kungodya yakumunsi guluu anali atatulukiradi pang'ono, ndipo tsamba linali litachita kakhwinya.